Mwana wa achemwali anga adikire nambala yake kapena asamuke? Amene mumadziwa za ndege thandizeni

Malume_wa_ku_Mpondasi

Moni nonse, asalaam aleikum kwa abale anga achisilamu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatisowetsa tulo pakhomo pano.

Mwana wa achemwali anga ndi payiloti. Bambo ake anatisiya iye ali Fomu 2 nde ine monga mwinimbumba sukulu yake yonse yadutsa m'manja mwangamu. Kuti akaphunzire za ndege ku South Africa ndinagulitsa boti limodzi ndi injini yake yomwe, puloti ya ku Makawa inapitanso, achimwene athu ena omwe ali ku Durban anaponyapo marandi, mpaka mwana anatenga layisensi. Anayamba ndi tindege ting'onoting'ono tonyamula azungu okaona nyama, kenako analembedwa ku kampani ina yokulirapo kummwera kwa Africa konkuno, dzina sinditchula. Chaka chino ndi cha 6 ali pa mpando wa kumanja, fesiti ofisa, wothandizira kaputeni, mizere itatu paphewa. Zaka ali nazo 31.

Maola ouluka akuti adutsa 4,000, mayeso aja a layisensi yapamwamba amati ATPL anakhoza kalekale, ku simuleta, makina oyeserera kuulutsa ndege, sanagwepo olo kamodzi, koma ukaputeni ayi ndithu. Ndikamufunsa amati ankolo kuno sayang'ana kuti waluso ndani, amayang'ana tsiku lomwe munthu unalembedwa ntchito, aliyense ali ndi nambala yake pa mndandanda ndipo patsogolo panga pali anthu 14. Akuti mwina zaka ziwiri, mwina zitatu.

Nde pano kwabwera mwayi, kampani ina ya ku Middle East yamuitana, ndege zikuluzikulu, malipiro pafupifupi kuwirikiza, nyumba akupatsa. Mayi ake akuti papsa tonola sudziwa mtima wa moto, pita mwanawe. Iye akuzengereza, akuti ndikapita nditaya nambala yanga, ndikayambira pansi penipeni ngati wobwera dzulo.

Ine apa mpomwe mutu wanga ukukanika. Moyo wanga wonse ndakhala panyanja, siginala wabwino, wotsogolera asodzi uja, timamudziwa ndi usipa womwe khoka la chilimira latulutsa, sitifunsa kuti unayamba chaka chanji. Ndipo siginala akachoka kwa ine kupita kwa mwini boti wina amakakhala siginala yemweyo, sabwerera kukakhala mlovi wokoka khoka. Nanga zakumwambazi bwanji? Dongosolo la nambalali limawathandiza ana athuwa kapena likungowamanga miyendo? Ndimuuze chani mwanayu?

ZaChileka

Waaleikum salaam amalume. Ine si payiloti koma ndagwirapo mu ofesi yokonza marosita, ndandanda za masiku a ntchito, a oyendetsa ndege zaka zambiri ndithu, nde ndikufotokozereni mmene zimayendera, chiweruzo mupereke nokha.

Ganizirani pa depoti pathu pa boma. Minibasi yomwe yafika poyamba ndiyo imapakira, olo yakumbuyo ikhale yatsopano ya mipando yofewa dalaivala wake wodziwa msewu wa Liwonde ngati chikhatho chake, imadikira basi. Ndipo ikatopa kudikira nkupita siteji ina, kumeneko siyifikira kutsogolo, imakaima kumchira. Nambala ya payiloti ndi chimodzimodzi, kusiyana kwake nkwakuti mzere wake ndi wa zaka 30 osati wa tsiku limodzi.

Chomwe anthu ambiri sadziwa nchakuti nambalayo si ya ukaputeni wokha. Imagwira paliponse. Malo akapezeka pa ndege yaikulu amayamba kufunsidwa ndi wa nambala yapamwamba. Holide ya Khirisimasi kapena ya Idi amayamba kusankha ndi iwowo, wapansi amatola zotsala, nchifukwa chake mwana wanuyo mwina simunadye naye Idi zaka zingapo. Maulendo abwino opita m'mawa kubwerako masana kukagona kunyumba amapita kwa akale, atsopano ndi aja a ndege za usiku ndi kukhala pa sitandibayi foni ili m'manja. Ndipo chachikulu, kampani ikavutika nkufuna kuchepetsa anthu imayambira kumchira, wolowa pomaliza ndiye woyamba kutuluka. Nde mwana akamati nditaya nambala sakunena zachibwana, zaka 6 zija ndi chuma chomwe wasunga koma chosatheka kunyamula m'chikwama.

Za siginala zija mwanena bwino koma pali kusiyana. Usipa umawerengeka ndi zigoba, aliyense amaona kuti uyu watulutsa 40 uyu 10. Payiloti umuyeza ndi chani? Onse amapita ku simuleta kawiri pachaka, onse amayezedwa kuchipatala, onse amatsata buku limodzi liwu ndi liwu. Wakhoza wakhoza, walephera amachotsedwa pa rosita mpaka akonze. Palibe zoti uyu wafikitsa anthu amoyo kwambiri kuposa mnzake. Payiloti wabwino ndi amene tsiku lake latha popanda nkhani, nde pakati pa anthu 60 opanda nkhani usankha bwanji? Apa mpomwe tsiku lolembedwa linalowera.

Komanso musamve ngati nambala ikakwana amangokusokerera mzere wachinayi wa ukaputeni paphewa. Nambala imangokutsegulira chitseko cha kosi ya ukaputeni. Kumeneko amakufinya zenizeni, injini kuzima, moto, nyengo yoipa, zonse pakamodzi, ndipo ndinaonapo anthu akubwezedwa ku mpando wa kumanja atadikira zaka 8.

Mzere umayenda pa zifukwa zitatu basi: akuluakulu kupuma, poti lamulo la ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, limati ukakwana zaka 65 ndege za maulendo a pakati pa mayiko usiye, ena kuchoka kupita kwina, ndi kampani kugula ndege zina chifukwa ndege imodzi imafuna makaputeni angapo osinthana. Kampani yosakula mzere wake uli ngati madzi a m'thamanda. Nchifukwa chake kuno kwathu nkovuta, kampani yaikulu ndi imodzi ndege zake zowerengeka ndi zala. Air Malawi inatha mu 2013, Malawian Airlines nkuyamba mu January 2014, boma 51 peresenti Ethiopian Airlines 49, ndipo mipando ya kumanzere, ya makaputeni, m'dziko lonse lino ndi yochepa kwambiri, nde ana athu ambiri amathera kunja ngati wanuyo.

Funso limodzi mumufunse. Mndandandawo unalembedwa mu mgwirizano wa kampani ndi yuniyoni, kapena ndi chizolowezi chabe chomwe bwana akhoza kusintha mawa? Chifukwa ku Africa kuno makampani ena amati tili ndi mndandanda koma ikafika nthawi amakatenga kaputeni wopsa kale kunja nkumukhazika pamwamba pa onse.

Blessings_MH

Ine ndikuti apite basi ankolo, asachedwe. Dongosolo limeneli ndi la madala odziteteza okha. Munthu ungalimbikire bwanji ntchito ukudziwa kuti kaya uwerenge usiku wonse kaya ugone, tsiku lako lokwezedwa ndi lomwelo? Tsobola wakale sawawa, kukhalitsa si luso ayi.

Ndipo taonani chinyengo chake chili apa. Dokotala wa zaka 15 pa ntchito akachoka chipatala china kupita china amakalandira ngati dokotala wa zaka 15. Injiniya chimodzimodzi, ine ndili mu za makompyuta ndasintha ntchito katatu ndipo ulendo uliwonse malipiro amakwera chifukwa mabwana amadziwa kuti akandinyoza ndinyamuka. Payiloti yekha ndi amene akasuntha amabwerera ku Sitandade 1. Nde kampani ikudziwa kuti anthu ake sangathawe, ingawalemekeze chifukwa chani? Ikhoza kudula malipiro, kuwonjezera maola, iwo ali phee kukumbatira nambala. Amene amapindula ndi kampani ndi aja ali pamwamba pa mndandanda, achinyamata amangouzidwa kuti dekhani nthawi yanu ikubwera. Mawu omwewo timauzidwa paliponse m'dziko muno.

Madam_Namwera

Blessings mwana wanga, mfundo yako ya kumangika ija ndaimva ndipo ndi yoona, koma zoti pakachoka nambala pabwera luso, apo ndikukanira. Pakachoka nambala pamabwera kudziwana.

Ine ndaphunzitsa ku pulayimale zaka 19. Ndinakhala pa giredi imodzi zaka 13, ma intaviyu ndinapita kangapo, ana anga amakhoza bwino chaka ndi chaka, koma makalata okwezedwa amafikira ena, mpaka wina yemwe ndinamulandira ndekha ali pa TP, akuyeserera kuphunzitsa, ndikumuphunzitsa kulemba sikimu anadzakhala bwana wanga. Sindikunena kuti anali wosadziwa ntchito ayi. Ndikunena kuti palibe anandiuzapo chomwe ndinaperewera, ndipo ukafunsa amati tinayang'ana luso. Luso limenelo amaliona ndani? Munthu, wokhala ndi kwawo, mtundu wake, chipembedzo chake, anzake omwa nawo tiyi. Ndikanakhala ndi nambala yopachikidwa pa bolodi yoti aliyense aziiona, bwenzi ndikudziwa kuti chaka chakuti ndi changa ndipo palibe angandilumphe.

Kwa ife amayi nkhaniyi ndi yolemera kuposa mmene abambo mumaganizira. Pamene kukwezedwa kuli m'manja mwa bwana mmodzi, mtsikana amapemphedwa zinthu zomwe mnyamata sapemphedwa, sindipitiriza mukudziwa. Ine atsikana anga a Sitandade 8 ndimawauza za Yolanda Kaunda, kaputeni woyamba wamkazi m'Malawi muno, ndi ulendo uja wa mu March 2017 pomwe iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege kuchoka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam ogwira ntchito onse ali amayi. Mwana wa kuno ku Namwera akadzafika kumeneko ndikufuna adzakwere chifukwa nthawi yake yakwana ndipo wakhoza mayeso, osati chifukwa wasekerera wina.

Koma pali pomwe pamandiwawa, ndisabise. Mzere umakomera yemwe anafika msanga, ndipo ofika msanga ndi ana a anthu a ndalama omwe anamaliza Fomu 4 nkupita ku sukulu ya ndege chaka chomwecho. Mwana wa msodzi amayamba wadikira kuti boti ligulitsidwe, amalowa mochedwa ndi zaka 5 kapena 7, ndipo zaka zimenezo sadzazibwezanso mpaka kupuma. Mavuto akabwera woyamba kuchotsedwa ndi yemweyo. Nde chilungamo chake ndi cha mkati mwa mzere, koma pofika pa mzerepo anthu sachokera mtunda wofanana.

Amalume, musamukankhe mwanayo chifukwa cha malipiro okha. Mumve kaye.

Jafali_ku_Indiana

Ndiponyepo za kuno ku America poti nkomwe dongosololi lili ndi mizu, yuniyoni yawo yaikulu ALPA inayamba mu 1931. Ine ndimagwira pa bwalo la ndege mbali ya katundu nde mapayiloti timacheza nawo, nkhani ya nambala amaikamba ngati mmene kwathu timakambira za malire a munda.

Mukukumbuka ndege ija inatera pa mtsinje wa Hudson ku New York mu January 2009, anthu onse 155 nkupulumuka? Aliyense amatchula kaputeni Sullenberger. Koma yemwe anakhala kumanja kwake, Jeff Skiles, anali bambo wa zaka 49, maola oposa 15,000, atagwira mu kampani yawo zaka zoposa 20, ndipo anakhalapo kaputeni m'mbuyomo koma kampani itachepa anabwezedwa kumanja. Tangoganizani. Si kuti analakwa kanthu, mzere unangobwerera m'mbuyo. Sullenberger mwiniwake atapita kukalankhula ku Congress, nyumba ya malamulo ya kuno, mwezi wotsatira ananena kuti malipiro ake anadulidwa ndi 40 peresenti ndipo penshoni yake inathetsedwa. Munthu ngati ameneyo bwanji sanangochoka? Apite kuti, akayambirenso pansi ali ndi zaka 57? Apa Blessings akunena zoona ndithu.

Pomwe pamavuta kwambiri ndi pamene makampani awiri aphatikizana, mindandanda iwiri isanduke umodzi. Kampani ya American Airlines itagula inzake ya TWA mu 2001 mapayiloti ambiri a TWA anaikidwa kumchira, kenako kunabwera za zigawenga za September 11 zija, kuchotsa anthu kunayambira komweko kumchira. Zinawawa anthu mpaka mu 2007 anakhazikitsa lamulo loti pophatikiza mindandanda pazikhala chilungamo. US Airways ndi America West anaphatikizana mu 2005, mkhalapakati George Nicolau anapereka chigamulo chake mu 2007, mbali imodzi inachikana mpaka kutuluka mu ALPA nkuyambitsa yuniyoni yawo, milandu kukhoti zaka ndi zaka, anthu ovala yunifomu imodzi osaulukira limodzi. Chaka chomwecho cha 2007 zaka zopumira anazikweza kuchoka pa 60 kufika 65, akuluakulu anasangalala koma kwa achinyamata mzere unaima zaka 5 zathunthu.

Koma mphepo imatembenuka. Nthawi ya Covid akuluakulu ambiri anapatsidwa ndalama kuti apume msanga, anthu atayambanso kuyenda makampani anasowa mapayiloti, mu 2022 ndi 2023 analemba anthu ambirimbiri ndipo ena anafika pa ukaputeni mwachangu chomwe akale sanachilotepo. Luso lomwelo, kusiyana chaka cholowera basi. Chinanso chodabwitsa, ku kampani ya United Airlines kunali mipando ya ukaputeni yosowa oifuna, chifukwa fesiti ofisa wamkulu amasankha yekha masiku ake, akakwera amakakhala kaputeni wotsiriza, kubwerera ku sitandibayi ndi kugwira maholide. Ena amati bola ndalama zochepa koma ndiziona ana anga.

Kuno nzeru yomwe amapatsana ndi yoti fika msanga ku kampani yomwe ukufuna kudzapumirako, olo mwezi umodzi ndi nambala zambiri. Koma izo ndi za kuno kokhala makampani a ndege mazanamazana, za kwathu ayankhe amene akuuluka kumeneko.

Kaputeni_wa_Malindi

Ankolo, ndawerenga kawiri zomwe mwalembazi chifukwa zikundikumbutsa amalume anga omwe anagulitsa ng'ombe. Kwathu ndi ku Malindi, ndege ndinayamba kuzikonda ndili mwana ndikuona ting'onoting'ono tikutsika kutsidya kwa nyanja cha ku Makokola. Pano ndauluka zaka 17.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira kenako muone nokha. Ndinagwira kampani ina zaka 9, zisanu ndi ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere. Mu 2020 ndege zinaima, kampaniyo siinadzukenso. Nambala yomwe ndinaisamala zaka 9, kukana ntchito ziwiri zabwino chifukwa cha iyo, inatha tsiku limodzi ndi imelo imodzi. Ndinabwerera ku Malindi miyezi 14, ndimathandiza achimwene pa chigayo. Nde za kuwawa kwa dongosololi palibe angandiphunzitse. Ndipo sindili ndekha, taonani ku South Africa, South African Airways inalowa mu business rescue, ndondomeko yopulumutsa kampani yomwe ikugwa, mu December 2019, SA Express inagwa mu 2020, Mango inasiya kuuluka mu 2021, Comair yomwe inkayendetsa kulula, kampani ya zaka zoposa 70, inatsekedwa mu June 2022. Makaputeni a imvi anabalalika dziko lonse kufuna ntchito.

Koma mvetserani apa chifukwa mpomwe pali yankho la mwana wanu. Tinachotsedwa awiri ogwirizana kwambiri, ine ndi mnzanga wa ku Zambia yemwe tinalowa chaka chimodzi, iye miyezi 5 pambuyo panga. Miyezi 5 imeneyo inachititsa kuti ine ndipeze kosi ya ukaputeni iye ayi, anali wachitatu pa mzere pomwe zinthu zimaima. Ine ndinatuluka ndi maola pafupifupi 1,200 a ukaputeni mu logbook, buku lolembamo maola ouluka, iye ziro, ngakhale maola ake onse anali oposa 6,000 ndipo kunena zoona ndege amaigwira bwino kuposa ine. Zinthu zitatseguka ine ndinalembedwa ngati kaputeni wolowa mwachindunji, osayambira kumanja, ku kampani ina ya ku West Africa. Iye anakayamba ngati fesiti ofisa wotsiriza kwina, mpaka lero ali kumanja, akulamulidwa ndi ana omwe akanatha kuwaphunzitsa.

Nde nambala siyinyamulika, zoona, koma maola a ukaputeni amanyamulika. Amenewo ndi ako mpaka kalekale, kampani igwe isagwe. Kunja kwa America makampani ambiri amalemba makaputeni ochokera kwina, ndipo chomwe amafunsa poyamba ndi maola omwe unali wolamula ndege, kawirikawiri amafuna 500 kapena 1,000 pa mtundu wa ndege womwewo.

Za chifukwa chomwe ndimautetezerabe mndandanda ngakhale unandipweteka. Tsiku lina ku kampani yakale ija ndinakana kunyamuka, chida china chinali ndi vuto ndipo komwe timapita kunali mabingu, buku limalola koma mtima wanga unakana. Abwana anaimba foni katatu, anthu 70 akudikira, ndalama zikutayika. Ndinati ayi, ndipo ndinanena ayi ameneyo mosanjenjemera chifukwa ndimadziwa kuti bwanayo alibe mphamvu pa nambala yanga, sangandilumphitse, sangandilande holide. Komwe ndili pano kulibe mndandanda, ndi makontirakiti a zaka ziwiriziwiri, ndipo ndimaona ndi maso anga anyamata akumeza mawu, wotopa osanena kuti ndatopa, chifukwa yemwe akukupempha kuti uuluke ndi yemweyo adzasayine kontirakiti yako. Blessings, mu ntchito yako wolimbikira kusangalatsa bwana amapanga pulogalamu yabwino. Mu yathu wofuna kusangalatsa bwana ndi amene amanyamuka tsiku loyenera kukhala pansi, kumbuyo kuli mayi ako.

Ku Middle East ndalama ziliko, m'mayiko ena msonkho pa malipiro kulibe, ndege ndi zatsopano, sindinyoza. Koma adziwe kuti ku UAE, komwe kuli Dubai, mayuniyoni saloledwa, chitupa chokhalira m'dziko chimamangirira ku ntchito nde ntchito ikatha umalongedza, type rating, kosi yophunzira mtundu wa ndege yatsopanoyo, nthawi zambiri imabwera ndi bondi yokumanga kuti uwagwirire zaka zingapo, ndipo pa ndege zikuluzikulu kudikira ukaputeni kumatha kutalika kuposa pomwe ali, akhoza kufika zaka 37 kapena 38 asanakhalepo kumanzere.

Maganizo anga, ngati anthu 14 aja akuyendadi ndipo ndi zaka ziwiri zoona, akhale, atenge mzere wachinayi, asonkhanitse maola 1,000, kenako dziko lonse ndi lake ali ndi zaka 35. Koma asakhulupirire za pakamwa. Awerenge yekha, chaka chatha anakwezedwa angati, chaka chinacho angati, makaputeni angati adutsa zaka 60, kampani ikubweretsa ndege kapena ikubweza kwa eni ake, malipiro akubwera pa tsiku lake kapena ayamba zoti dikirani sabata ya mawa. Malipiro akangoyamba kuchedwa asadikire kalikonse, anyamuke usiku womwewo, ine ndinaona zizindikiro zimenezo nkuzinyalanyaza chifukwa cha nambala.

Blessings_MH

Akulu ndamva, za kukana kunyamuka zija sindinaziganizepo ndipo ndavomera. Koma nanga mbali inayi, kaputeni wakale akamalakwitsa mwana wa kumanja angamudzudzule? Ife a Malawi mukutidziwa, wamkulu salakwa. Si pomwe ngozi imabwerera pamenepo?

Kaputeni_wa_Malindi

Funso labwino mphwanga koma ndi nkhani ziwiri zosiyana. Mndandanda ndi wa mu ofesi, umanena za rosita ndi kukwezedwa. Mantha a mu cockpit ndi matenda ena ndipo anaphapo anthu. Ku Tenerife mu March 1977 ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pa bwalo kuli chifunga, anthu 583 anafa. Kaputeni wa KLM anali mkulu wa zophunzitsa, munthu wolemekezeka, anayamba kuthamangitsa ndege asanapatsidwe chilolezo chonyamuka, injiniya wake anafunsa ngati ndege inayo yachoka pa msewu, iye anayankha motsimikiza, nkhani inathera pomwepo. Ngozi ngati imeneyo ndi zomwe zinabweretsa maphunziro a kugwirira ntchito limodzi mu ndege omwe timati CRM, pomwe wamng'ono amaphunzitsidwa kulankhula mpaka kulanda ndege ngati pakufunika, wamkulu amaphunzitsidwa kumva. Kwa ife okula ndi mwambo wogwada polankhula ndi akulu zimavuta poyamba, ine zinanditengera nthawi kuti nditchule kaputeni wa msinkhu wa bambo anga nkumuuza kuti liwiro latsika. Koma taona, mwana wa kumanja amalimba mtima kwambiri akadziwa kuti kaputeni yemwe wamudzudzulayo sangamutsekere ukaputeni wake.

Malume_wa_ku_Mpondasi

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Madam mawu anu aja oti mumve kaye andigwira, chifukwa kunena zoona ine ndi achemwali timangomuuza, sitinamufunsepo bwinobwino.

Usiku wathawu ndinamuimbira pa WhatsApp tinacheza ola lathunthu, ndinamufunsa mafunso a Kaputeni aja limodzi limodzi ndili ndi kope pamwendo. Akuti chaka chatha anakwezedwa 6, chaka chinacho 5, malipiro sanachedwepo, makaputeni atatu atsala pang'ono kukwana 65 ndipo kukubwera ndege ina imodzi. Koma wanenanso chomwe a ZaChileka anachenjeza, miyezi yapitayi kampani inalemba makaputeni awiri ochokera kunja, anyamata a kumanja anadandaula ndipo yuniyoni ikukambirana ndi mabwana. Ku Middle East kuja bondi ndi ya zaka zitatu, ndipo amupatsa mpaka kumapeto kwa mwezi wa mawa kuti ayankhe.

Chinanso chomwe anandiuza chinandikhudza, akuti chomwe chimamukoka kwambiri si ndege yaikulu ayi, amafuna andibwezere boti lija msanga. Ndamuuza kuti boti sindinamubwereke, ndipo lomwe latsalali likutidyetsa bwinobwino, achotse zimenezo pa sikelo.

Akubwera pa 28, akatera ku Chileka akwera za Zomba kufika kuno madzulo, tidzakhala pansi ndi mayi ake. Ndamuuza abweretse pepala la mgwirizano wa yuniyoni ndi kampani. Kaputeni, ngati simudandaula ndikulemberani ku inbox, mutithandize kuwerenga ndime yonena za makaputeni olowa mwachindunji, ngati pali malire a chiwerengero chawo kapena kampani ikhoza kulemba mmene yafunira, chifukwa anthu 14 aja akhoza kukhala zaka ziwiri kapena zisanu kutengera ndime imeneyo.